Indemnity Only ndalimaliza, koma za Vic sitinagwirizanebe

Ndamaliza buku la Sara Paretsky lija, Indemnity Only, ndi loyamba kulemba iyeyo ndipo linatuluka mu 1982. Tinaliwerenga anthu angapo nthawi imodzi ndiye mkangano wake mpaka pano sunazizire.

Nkhani ikuchitikira ku Chicago. V.I. Warshawski, anzake amangoti Vic, ndi mzimayi wofufuza milandu payekha, kale anali loya. Usiku wina kukubwera bambo ku ofesi kwake, akuti ine ndine John Thayer wa ku banki, mtsikana yemwe ali pachibwenzi ndi mwana wanga wasowa mundipezere. Ataona kuti wofufuzayo ndi mkazi nkuyamba kukayika, Vic osamunyengerera, kumuyankha pompo. Kupita komwe mnyamatayo amakhala, kukamupeza atafa, wowomberedwa. Kenako zikudziwika kuti bambo uja si Thayer nkomwe. Ndilekera pomwepa ndingakuonongereni.

Mnzanga wina akuti Vic ndi wamwano kwambiri, amayankha aliyense mothimbirira, apolisi omwe. Ine ndinamufunsa kuti akanakhala mwamuna ukananena zimenezo? Anangoseka. Pali wapolisi wina Bobby Mallory, mnzawo wa malemu bambo ake a Vic amenenso anali apolisi, iyeyo nyimbo yake ndi imodzi, zisiye izi ukakhale pabanja. Munthu ukumva zimenezo tsiku ndi tsiku, zigawenga zakumenya nkhope yatupa, nyumba akusakazira, ndiye uziyankhula mofatsa? Aaa ayi. Chomwe chinandigwira mtima ine nchoti akamenyedwa zimamuwawa zenizeni, mawa lake amadzuka thupi lonse likuphwanya mpaka mnzake dokotala, Lotty Herschel, kumuthandiza. Si zija munthu amenyedwa kenako akuthamanga ngati palibe chachitika.

Wina anadandaula kuti pakati pa buku pamakoka, za inshuwalansi zachuluka, mapepala, macheke, kampani ya Ajax, bungwe la anthu ogwira ntchito. Apa ndimuvomereza pang'ono, masamba ena ndinawerenga ndikuyasamula ndipo mayina amachuluka mpaka ndinabwerera m'mbuyo kawiri kuti kodi uyu ndi ndaninso. Komabe umbava wake uli m'mapepala momwemo, ndipo Paretsky anagwirapo ntchito ku kampani ya inshuwalansi, zimaoneka kuti akulemba zomwe akudziwa.

Wamng'ono pagulu pathu zinamudabwitsa nzoti mulibe foni ya m'manja, mulibe intaneti, Vic akafuna kudziwa chinthu amakwera galimoto nkukagogoda pakhomo la munthu. Iye akuti zachikale, ine ndi pomwe ndinakonda, chifukwa munthu akamanama pamaso nawenso wowerenga umayamba kumugwira.

Wolakwa ndinamuganizira bukulo lisanathe, pamenepo silinandipusitse kwenikweni. Koma lachiwiri lake, Deadlock, ndalipeza kale, ndipo mnzanga wonena kuti Vic ndi wamwano uja ndi amene wayamba kundibwereka.