Fomu ya kalembera wa anthu ndi nyumba: yabwino, koma tsamba loyamba limapunthwitsa

Ukangoiona koyamba, fomu ya kalembera imaoneka ngati ntchito ya mphindi zochepa: dzina, zaka, maphunziro, ntchito, nyumba, basi. Kunena zoona, mafunso ake ambiri anawaganizira bwino, ndipo fomu ya pa intaneti kapena ya pa tabuleti imaposa ya papepala kutali. Pomwe imafooka ndi patsamba loyamba penipeni, pamene imafunsa kuti pakhomo pali ndani. Malangizo a pamenepa amakhala achidule kwambiri, chonsecho mukalakwitsa apa, mayankho ena onse amakhala a anthu osakwanira.

Tiyambe ndi usiku wa kalembera. Mayiko ambiri amawerenga anthu kamodzi pa zaka 10, monga limalangizira bungwe la United Nations, ndipo dziko lililonse limasankha tsiku kapena usiku umodzi kuti ukhale muyezo. Ku England ndi Wales linali tsiku la 21 Malichi 2021, ku South Africa unali usiku wa pa 2 Febuluwale 2022. Ngakhale mudzaze fomu patatha masabata awiri, mukuyankha za usiku umenewo. Khanda lobadwa usikuwo utadutsa sililembedwa. Agogo amene anamwalira patapita masiku awiri amalembedwa, chifukwa usikuwo anali moyo. Izi zimawawa kulemba, koma ndi momwe fomu imafunira.

Kenako onetsetsani njira imene fomu yanu ikutsata, chifukwa zilipo ziwiri. Ina imawerenga munthu pomwe anagona usikuwo, kaya ndi mlendo wongodutsa. Ina imamuwerenga komwe amakhala nthawi zonse, ngakhale anali paulendo. Pa njira yoyambayo, mwana amene ali kusukulu yogonera komweko, wodwala amene wagonekedwa m'chipatala ndi mkaidi amalembedwa komwe aliko, choncho mukawalembanso kunyumba ndiye kuti awerengedwa kawiri. Namwino kapena mlonda amene anali pantchito ya usiku nthawi zambiri amalembedwa kunyumba kwake. Mwana amene makolo ake anasiyana, amene amagona uku ndi uko, mwina amalembedwa kawiri, mwina osalembedwa n'komwe, kholo lililonse likuganiza kuti linzake lamulemba kale. Oiwalika kwambiri ndi ana aang'ono: pa kalembera wa ku United States wa 2010, ana osakwana zaka 5 pafupifupi 1 miliyoni sanawerengedwe. Fomu yolembedwa mwanzeru imakufunsaninso musanapitirire kuti, "Palibe khanda, wantchito wogona pakhomo kapena mlendo amene mwamusiya?" Fomu imene ilibe funso limeneli ndi yoperewera, ndipo dzifunseni nokha.

Mawu akuti banja nawonso amasokoneza. Pa fomu satanthauza ubale wa magazi. M'mayiko ambiri amatanthauza anthu okhala pamodzi n'kumadyera mphika umodzi. Munthu wochita lendi chipinda chakuseri amene amadziphikira yekha ndi banja lina palokha. Lembani mutu wa banja poyamba, chifukwa ubale wa ena onse umayezedwa kuchokera kwa iyeyo: mukayamba ndi mwana, mzere wonse wa "mkazi wake, mwana wake, mdzukulu wake" umasokonekera.

Funso la zaka likufuna zaka zimene munthu wakwanitsa. Amene akwanitse zaka 40 mwezi wamawa ali ndi zaka 39, ndipo khanda la miyezi 11 limalembedwa 0. Anthu osadziwa tsiku lawo lobadwa amakonda kutchula manambala othera ndi 0 kapena 5, mpaka akatswiri ali ndi muyezo wake, wotchedwa Whipple, woonera kuchuluka kwa vutoli pa anthu a zaka 23 mpaka 62. Musanayambe, sonkhanitsani ziphaso, zitupa zobadwira ndi makhadi a kuchipatala a ana. Apa fomu ya pa tabuleti imachita bwino: mukalemba tsiku lobadwa imawerengera yokha zaka, ndipo mayi akaoneka kuti amangosiyana zaka 8 ndi mwana wake imakuchenjezani.

Gawo limene ndimaliyamikira kwambiri ndi la ulumali. Mafomu akale ankangofunsa ngati munthu ndi wolumala, ndipo ambiri ankakana chifukwa cha manyazi kapena chifukwa nkhalamba yosaona bwino sidziona ngati yolumala. Tsopano mayiko ambiri amagwiritsa ntchito mafunso 6 a Washington Group, gulu la akatswiri a ziwerengero za ulumali: kuvutika kuona ngakhale mutavala magalasi, kumva, kuyenda kapena kukwera masitepe, kukumbukira, kudzisamalira monga kusamba ndi kuvala, ndiponso kulankhulana ndi ena. Lililonse lili ndi mayankho 4: palibe vuto, vuto pang'ono, vuto lalikulu, sangathe n'komwe. Mayankho amenewa munthu amatha kuwapereka moona mtima osamva kuti wapatsidwa dzina.

Funso la ntchito ndiye lovuta kulimvetsa, ndipo mafomu ambiri salifotokoza mokwanira. Limafunsa ngati munthu anagwira ntchito m'masiku 7 apitawo okha, ndipo ola limodzi la ntchito yolipidwa kapena yopezera phindu ndi lokwanira kuti muyankhe kuti inde. Amene ali patchuthi kapena akudwala koma ntchito yake ikumudikira amawerengedwa kuti ali pantchito. Pofotokoza ntchitoyo musalembe "bizinesi" kapena "ntchito ya m'boma", chifukwa osanja mayankho sangapeze pomuika munthu wotero. Lembani "amagulitsa nsapato", "mphunzitsi wa pulayimale", "amakonza magalimoto".

Amayi amafunsidwa za ana onse amene anabereka amoyo, kuphatikizapo amene anamwalira. Mwana amene analira kapena kupuma kamphindi chabe n'kumwalira amawerengedwa, pomwe wobadwa atafa kale sawerengedwa pa funsoli. Palinso funso la imfa zimene zachitika pakhomo m'miyezi 12 yapitayo, ndipo ngati womwalirayo ndi mayi wa msinkhu wobereka, amafunsa ngati anali woyembekezera, ankabereka kapena anali atangobereka kumene. Ndi mafunso olasa mtima, koma komwe imfa zambiri sizilembetsedwa kuboma, apa ndi pomwe pamachokera chiwerengero cha amayi omwalira pa uchembere. Wolemba kalembera akamafunsa zimenezi, ndi bwino mayiyo ayankhe yekha, pambali.

Za nyumba n'zachangu: denga, khoma, pansi, zipinda, madzi akumwa, chimbudzi, chophikira. Tchulani chimene mumagwiritsa ntchito kwambiri, osati zonse.

Nanga kudzaza nokha pa intaneti? Ubwino wake ndi wakuti fomu imadumpha yokha mafunso osakukhudzani, moti mwana wa zaka 3 safunsidwa za ukwati. Mavuto ake ndi nambala yolowera imene imabwera pa kalata, yomwe ikatayika muyenera kupempha ina, ndi tsamba lotsekeka mukachedwa. Musadikire usiku weniweniwo aliyense akulowa: ku Australia pa 9 Ogasiti 2016 tsamba la kalembera linatsekedwa ndipo linakhala lozima pafupifupi maola 40. Mukamaliza, dinani batani lotumizira ndipo sungani nambala yotsimikizira, apo ayi fomu yodzaza bwino imakhala ngati simunaiyambe.

Oopa kuti mayankho apita kwa okhometsa msonkho kapena apolisi adziwe kuti malamulo a kalembera m'mayiko ambiri amaletsa zimenezo. Ku United States mafomu a munthu payekha amatsekeredwa zaka 72, ku England ndi Wales zaka 100. Wolemba kalembera weniweni amakhala ndi chiphaso chokhala ndi chithunzi chake, ndipo safunsa nambala yachinsinsi ya kubanki kapena ndalama. Patatha milungu ingapo wina akhoza kubweranso ndi mafunso omwewo. Ameneyo akuchita kafukufuku woona kuti ndi angati anadumphidwa, ndipo kafukufuku wotereyu ndi amene anaonetsa kuti kalembera wa ku South Africa wa 2022 anaphonya anthu pafupifupi 3 pa 10 aliwonse. Muyankheni za usiku wa kalembera uja, osati za tsiku limene wabweralo.