Sikelo ya 0.01 g, caliper ndi maginito zoyezera ndalama zachitsulo: nyenyezi 4 mwa 5

Zida zitatuzi zimabwera m'bokosi limodzi: sikelo ya digito yonyamula mpaka magalamu 200, caliper (chida choyezera kukula ndi kuchindikala kwa chinthu), ndi kamaginito kamphamvu ka neodymium. Kwa amene mumasonkhanitsa makobidi akale kapena kugula Krugerrand (ndalama yagolide ya ku South Africa), ndalama yanu siipita pachabe, bola mudziwe pomwe zidazi zimalekezera.

Sikeloyo imawerenga molondola, koma m'bokosimo mulibe kachitsulo ka magalamu 100 kokonzera muyezo. Nyenyezi imodzi yachokera pamenepo. Kaguleni padera, chifukwa mabatire akayamba kufooka manambala amasuntha osakuuzani. Sikeloyo iyikeni pa tebulo losagwedera, kutali ndi fani. Ngakhale mpweya wa pakamwa umasintha nambala yomaliza.

Kulemera kokha sikokwanira. Krugerrand ya aunsi imodzi imalemera magalamu 33.93, m'mimba mwake mamilimita 32.77. Morgan dollar, ndalama yakale yasiliva ya ku America, ndi magalamu 26.73 ndi mamilimita 38.1. Wachinyengo akagwiritsa ntchito mkuwa, umene ndi wopepuka kuposa siliva, amayenera kuchindikalitsa ndalamayo kuti kulemera kufanane. Apa m'pamene caliper imamugwira. Ipanitseni mofatsa, makamaka mutakuta milomo yake ndi tepi yopyapyala n'kuibwezera pa ziro, chifukwa kukanda kamodzi kumagwetsa mtengo wa kobidi losowa.

Chimene sikeloyi imachita bwino koposa ndi muyezo wa m'madzi. Ikani kapu yapulasitiki ya madzi osapitirira theka, dinani ziro, mangani ndalamayo ndi ulusi n'kuimiza osakhudza pansi kapena m'mbali. Gawani kulemera kwake kwa poyamba ndi nambala yomwe yaoneka. Morgan yeniyeni imaonetsa pafupifupi magalamu 2.58, yankho n'kukhala cha pa 10.3. Likatsikira cha pa 9, mwagwira mkuwa wokutidwa ndi siliva. Kapu yagalasi musayese, imadya theka la mphamvu ya sikelo. Mukatha, umitsani ndalamayo pongoigunditsa pang'onopang'ono ndi nsalu yofewa, osakhula.

Maginito ndiye ambiri amawakhulupirira mopyola. Akamata, si siliva kapena golide weniweni, nkhani yatha. Pa siliva wopendekeka amatsetsereka pang'onopang'ono, komatu pa mkuwa amachitanso chimodzimodzi, ndiye musagule chifukwa cha zimenezo zokha.

Pali zinthu ziwiri zomwe bokosili silingagwire. Tungsten ndi chitsulo cholemera pafupifupi ngati golide, 19.25 poyerekeza ndi 19.32 pa muyezo wa m'madzi uja, choncho yokutidwa bwino ndi golide imatha kudutsa pa sikelo ndi pa caliper pomwe. Imeneyo imafuna makina oyeza mkati mwa chitsulo, omwe ogulitsa golide odalirika amakhala nawo. China n'chowawa kwambiri: Morgan yeniyeni ya 1893 imene wina wamatapo chilembo S, chosonyeza kuti inapangidwira ku San Francisco. Ya 1893-S anapanga 100,000 zokha, mtengo wake n'kukwera kutalitali, ndipo siliva wake ndi weniweni, miyezo yonse imavomera. Pamenepo pamafunika galasi lokuza zinthu kakhumi, kuyang'ana msoko kuzungulira chilembocho. Ngati kobidilo lili m'kabokosi ka PCGS kapena NGC (makampani otsimikizira makobidi), lembani nambala yake pa webusaiti yawo, ndipo ngati pali chithunzi yerekezani zipsera zake ndi zomwe zili m'manja mwanu, popeza achinyengo amakopera ndi manambala omwe.