X-Trail, RAV4, CR-V kapena Forester: mtengo wake ndi uti mukawerengera za kugaraja?

Mlamu wanga anandiimbira Loweruka lina m'mamawa kuti ndimuperekeze kukaona galimoto. Ankafuna yamsinkhu, yoti azifika nayo kumudzi ku Ntchisi nthawi ya dzinja popanda kutsitsa anthu kuti akankhe. Mtima wake unali utagwa kale pa Nissan X-Trail yakuda ya 2010, yopukutidwa mpaka matayala kuwala ngati nsapato za mkwati. Pambali pake panaima Toyota RAV4 ya chaka chomwecho, koma mtengo wake unali kumwamba. "Alamu, nanga si zonsezi n'za ku Japan? Ndiwonjezerenji mamiliyoni chifukwa cha dzina basi?"

Ndinamuuza kuti mtengo wolembedwa pagalasi ndi wa tsiku limenelo lokha. Galimoto ya zaka zoposa khumi imabwera ndi ngongole yake, ndipo wolipira ngongoleyo ndi amene waigula. Ine ndimawerenga motere: ndimafufuza kuti galimoto ya mtundu umenewo, yathanzi, ikupita pa zingati, kenako ndimachotsapo ntchito yonse imene ikundidikira kugaraja. Ntchitoyo ili mitundu iwiri. Pali imene umadziwa tsiku lake, monga matayala, mashoki, mabushi, mabuleki ndi batire, ndipo imeneyi siopsa chifukwa munthu umaikonzekera. Ndiye pali ya mwadzidzidzi, giyabokosi kapena injini, imene imakupeza mwezi wa fizi. Magalimoto anayiwa amafanana kwambiri pa mtundu woyambawo, chifukwa misewu yathu sisankha, imadya mabushi a Toyota ndi a Nissan mofanana. Kusiyana kwawo kuli pa mtundu wachiwiri.

Tiyambe ndi X-Trail, ya mtundu umene ku Japan unatuluka mu 2007 ndipo amakaniko amautchula kuti T31. Pali zambiri zoikondera. Ndi yaikulu m'kati, kumbuyo kumalowa katundu wambiri, ndipo pansi pake patalikirana ndi nthaka pafupifupi mamilimita 200. Injini yake ya petulo ya malita 2.0, MR20DE, imayendera tcheni osati lamba, ndipo ndi yomweyo imene ili mu Serena, Dualis ndi Lafesta, kotero masipeya ake ku Biwi kapena ku Ndirande simuvutika nawo. Vuto lili pa giyabokosi. Ndi ya mtundu wa CVT, yopangidwa ndi kampani ya Jatco. M'kati mwake mulibe magiya a mano osinthanasinthana monga tinazolowera. Muli lamba wachitsulo woyenda pakati pa magudumu awiri amene amatseguka ndi kutsekeka. Pa phula losalala imayenda bwino ndipo imasunga mafuta. Mdani wake ndi kutentha. Ikwezeni anthu asanu, matumba atatu a chimanga ndi nkhuku, muyambe kukwera Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti masana a mu Okutobala, muona mmene oyilo wake amavutikira.

Oyilo ameneyo ndi nkhani inanso. Giyabokosiyi imafuna wake wake, NS-2, wooneka mobiriwira. Wina akathiramo wofiira uja wa giyabokosi wamba chifukwa ndi wotchipa, lamba amayamba kuterereka ndipo ulendo wopita kumanda wayambika. Wogulitsa sangakuuzeni zimenezi, mwinanso iye sakuzidziwa. Ndipo CVT ikafa, ochepa ndi amene amaitsegula n'kuikonza. Ambiri amangoti tiode ina yogwirapo kale ntchito, imene mbiri yake simuidziwanso. N'chifukwa chake X-Trail imatchipa pamsika. Anthu si opusa, anachotseratu mtengo wa giyabokosi. Funso ndi loti kodi anachotsa yokwanira.

RAV4 imadula chifukwa cha dzina, mlamu wanga sananame, koma dzinalo lili ndi ntchito yake. Makaniko wa pa Mponela kapena pa Ntaja anaitsegulapo kale, ndipo tsiku limene mudzafune kuigulitsa ogula sadzasowa. Injini yake ya malita 2.4, 2AZ-FE, ilinso mu Camry, Estima, Harrier, Alphard ndi Vanguard. Komabe pali zinthu ziwiri zimene okonda Toyota sakonda kumva. Choyamba, RAV4 yochokera ku Japan ya zaka zimenezi nayo ili ndi CVT. Mbiri yake ndi yabwinoko poyerekeza ndi ya Nissan, koma nayonso imafuna oyilo wake ndipo siikonda kuzunzidwa. Chachiwiri, injini imeneyi imadziwika ndi kumwa oyilo chifukwa cha maring'i a mapisitoni. Ku America, Toyota inafika povomera kukonza injini zina za RAV4 za 2006 mpaka 2008 pa vuto lomweli. Galimoto yotere imatha kulira bwinobwino, osadontha pansi ngakhale kadontho, koma oyilo akutsika mwakachetechete. Mwini wake akaiwala kuyang'ana, tsiku lina injini imagogoda pakati pa Zalewa ndi Mwanza. Kukonza kwake n'kutsegula injini yonse.

Ndiye amene akukulipiritsani mtengo wa dzina akuonetseninso thanzi loyenera dzinalo. Fikani m'mawa injini isanalizidwe, ikhudzeni ndi dzanja kuti mutsimikize kuti ndi yozizira, wina ailize inu muli kumbuyo mukuyang'ana utsi. Pisani chala kupaipi ya utsi. Mwaye wouma pang'ono si nkhani, koma wonyowa ndi mafuta ndi umboni. Mukapeza kabotolo ka oyilo kotsala theka pambali pa tayala la sipeya, funsani kuti kakutani pamenepo.

Honda CR-V ya 2006 mpaka 2011 ndi imene ine ndimaiona kuti anthu amainyalanyaza popanda chifukwa chomveka. Yochokera ku Japan ili ndi injini ya K24A, malita 2.4, ya tcheni, ndipo giyabokosi yake ndi ya otomatiki wamba ya magiya asanu. Ngozi yaikulu imene ili pa X-Trail ndi RAV4 pano palibe. Zimene imakonda kudwala n'zodziwika: kompuresa ya AC imafa, ndipo pa ija yokoka ndi matayala onse anayi, difu ya kumbuyo, imene imagawira mphamvu kumatayala, imabuula mukamakhota pang'onopang'ono ngati oyilo wake watha mphamvu. Nthawi zambiri kusintha oyiloyo ndi wa Honda weniweni kumathetsa kubuulako. Zolakwa zake ziliponso. Pansi pake payandikira nthaka kuposa zinzake, pafupifupi mamilimita 185, kotero mumsewu wokumbika ndi mvula muzimva ikukhula pansi. Imamwa petulo ndithu, zimene munthu amene anagonapo pamzere wa mafuta sangazitenge mopepuka. Masipeya akenso amadula kuposa a Toyota ndipo ena muyenera kudikira kuti abwere kuchokera ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam. Koma kudikira kompuresa galimoto ikuyenda n'kosiyana ndi kudikira giyabokosi galimoto ili pamiyala.

Subaru Forester ya 2008 mpaka 2012 ndiitchule mwachidule, chifukwa ili ndi eni ake amene safuna kulangizidwa. Pamatope ndi pachitunda palibe yoiposa mwa zinayizi. Ndi yamsinkhu kuposa zonse ndipo imakoka ndi matayala anayi nthawi zonse. Giyabokosi ya ija yopanda tebo ndi ya otomatiki wamba ya magiya anayi, yolimba. Injini ya EJ20 imayendera lamba amene amasinthidwa pa makilomita 100,000, ndipo akaduka mavavu amakumana ndi mapisitoni. Ubwino wake ndi woti ndalama imeneyi mumaidziwiratu. Ku Japan akasintha lamba amakonda kumata kasitika pachivundikiro cha injini kolembapo makilomita. Mukapanda kukaona, werengani kuti sanasinthe, muchotse mtengo wa lamba, mabering'i ake ndi pampu ya madzi. Zopangidwa kuyambira kumapeto kwa 2010 zambiri zinasinthira ku injini ya FB20 ya tcheni. Dziwaninso kuti Forester siifuna matayala osakaniza, ili latsopano ili lachidazi. Amafunika onse anayi ofanana, apo ayi mukuwononga zokokera. Ndipo makaniko woidziwa bwino sapezeka paboma lililonse.

Za X-Trail ya dizilo ija ya injini ya Renault, M9R, ndingoti ili ndi mphamvu zosangalatsa, koma ili ndi sefa ya utsi imene imatsekeka ngati mumangoyenda timaulendo tam'tauni, ndipo mainjekita ake si a munthu wa malipiro a pamwezi. Amene sayenda mitunda italiitali aisiye.

Tsopano masamu. Manambala awa ndi ongoyerekeza, chifukwa mitengo ikusintha ngati nyengo. Tinene kuti RAV4 akuti K24 miliyoni ndipo X-Trail akuti K20 miliyoni. Musanakondwere ndi K4 miliyoni yotsalayo, imbirani ogulitsa masipeya awiri kapena atatu, mufunse mtengo wa CVT ya T31, muwonjezere oyilo wake ndi ya makaniko. Ngati giyabokosi ya galimoto imene mukuonayo ikusonyeza kale zizindikiro, chotsani ndalama yonseyo pa mtengo. Ngati ikuyenda bwino koma palibe pepala losonyeza kuti oyilo anasinthidwapo, ine ndimachotsa theka lake. Chitani chimodzimodzi ndi RAV4 pa nkhani ya maring'i, CR-V pa kompuresa, Forester pa lamba. Kenako yendani mozungulira galimoto iliyonse mukuwerenga zodziwika zija: matayala angati atha, shoki iti ikudontha, galasi losweka limene lingakulepheretseni COF, chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Mukamaliza mupeza kuti zina zimene zimaoneka zotalikirana mtengo zayandikana, ndipo nthawi zina yotchipa ija ndiyo yadula.

Pali china chimene ambiri timaiwala. Galimoto mumagula ndi kwacha ya lero, koma sipeya ya chaka chamawa idzatsata dola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya masipeya inadumpha nthawi yomweyo. Choncho ngongole imene galimoto ikubwera nayo imakula pamene mukuichedwetsa, ndipo galimoto imene ngozi yake ndi chinthu chimodzi chachikulu chochokera kunja iyenera kutsitsidwa mtengo kuposa ija imene imadwala tizinthu ting'onoting'ono.

Ena anganene kuti bwanji osangooda wekha ku Japan. N'zotheka, ndipo galimoto imene sinalawepo maenje athu imafika mashoki ndi mabushi ali bwino. Koma mtengo wa pa intaneti ndi chiyambi chabe. Pali ya sitima mpaka ku Dar es Salaam, ya doko, ya woiyendetsa mpaka pa Songwe, msonkho wa MRA umene umatengera zaka za galimoto ndi kukula kwa injini, kulembetsa ndi inshuwalansi. Apa injini ya 2.4 ndi ya 2.0 sizilipira mofanana. Choipa china n'choti simungaiyese musanalipire. Pemphani pepala la ku okushoni, limene limasonyeza giredi ya galimotoyo. Giredi 4 ndi yabwino, R ikutanthauza kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Makilomita a pa dashibodi okha musawakhulupirire. Galimoto yonena kuti yayenda 70,000 koma chiwongolero chasalala ndipo labala wa pabuleki wadyeka mpaka chitsulo, ikunama.

Tibwerere kwa mlamu wanga. Tinakakamira kuti X-Trail ija tiiyendetse kwa theka la ola, osati kungozungulira pamalopo monga ankafunira dobadoba amene anatitengera kumeneko. Mphindi khumi zoyamba zonse zinali bwino, mlamu akumwetulira n'kumasintha mawayilesi. Titatuluka m'tauni ndinamuuza kuti azimitse wayilesi, aime pakachitunda, anyamuke pang'onopang'ono. Galimoto inanjenjemera ngati munthu wa malungo, kenako n'kugwira. Titathamangako, kunayamba kumveka kakulira kosongoka kokwera limodzi ndi liwiro. Dobadoba uja anati, "Amenewo ndi mapulagi, bwana, ndi za ma K20,000 basi." Makaniko amene tinapita naye sanayankhe, anangonunkhiza oyilo wa giyabokosi n'kundipatsa kuti nane ndimve. Ankanunkha ngati nsima yopserera.

Mlamu anatchula mtengo wochotsa giyabokosi yonse, mwini galimoto anakana, tinasiyana bwinobwino. RAV4 ija inali yathanzi koma ndalama sizinafike. Patatha milungu itatu anapeza CR-V ya 2009 kwa mayi wina amene ankasunga malisiti onse a kugaraja mu envulopu. AC inali yakufa ndipo matayala awiri anali otha. Zonsezi anachotsa pa mtengo, mayiwo sanakane. Matayala anagula sabata yomweyo. Ndalama ya kompuresa inapita ku feteleza, kotero mpaka lero amayenda mawindo ali pululu, ndipo akafika ku Ntchisi tsitsi limakhala lofiira ndi fumbi.