Ndemanga: Creative Cloud Libraries ndi fayilo ya ASE posunga mitundu ya makasitomala

Nyenyezi zitatu mwa zisanu. Ndi zimene tikupereka kwa Creative Cloud Libraries, laibulale ya Adobe yosungiramo mitundu ndi zithunzi pa intaneti, pa nkhani imodzi yokha, yosunga mitundu ya kasitomala ndi kuitenganso pa ntchito ina. Pa ma logo ndi zithunzi ikanapeza zinayi, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Ndemanga ino ndi ya ife okonza zosindikiza kuno ku Lusaka, amene timaswera mu Illustrator, InDesign ndi Photoshop, kupita kwa anzathu amene akuganiza zotaya mafayilo a ASE, osunga mndandanda wa mitundu, n'kudalira laibulale ya pa intaneti yokha. Musawataye.

Vuto lake palibe amene salidziwa. Kasitomala yemweyo afuna makadi a bizinesi mu Janyuwale, bulosha mu Epulo, kenako chinsalu chachikulu chopachika pa sitandi yake ku Showgrounds nthawi ya chionetsero cha zaulimi ndi zamalonda. Kubiriwira kwa logo yake kuyenera kukhala kumodzi ponseponse. Koma Illustrator ndi InDesign zimasunga ma swatch, timabokosi ta mitundu yosungidwa, m'kati mwa fayilo imene mukugwira, ndiye mukatsegula yatsopano mitundu ija kulibe. Munthu wachangu amangotenga eyedropper, chida chokopera mtundu, n'kudina pa JPEG yakale imene inabwera pa WhatsApp. Chithunzi chimenecho chinafinyidwa kale, ndiponso ndi cha RGB, mitundu ya pa sikirini, osati CMYK, inki zinayi zosindikizira. Pofika ntchito yachisanu, logo ija yakhala ndi kubiriwira kusanu, ndipo kasitomala akaika zonse patebulo limodzi amaona yekha.

Adobe inabweretsa Libraries mu 2014, ndipo pali zimene imachita bwino ndithu. Mumatsegula pa Window, mumapanga laibulale yokhala ndi dzina la kasitomala, mumasankha chinthu chokhala ndi mtundu umene mukufuna n'kudina kachizindikiro kophatikiza m'munsimo. Basi, mtunduwo ukuoneka m'mapulogalamu onse atatu ndi pa kompyuta ina iliyonse imene mwalowapo ndi akaunti yomweyo. Pogawana ndi anzanu muli ndi zosankha ziwiri, Can edit ndi Can view. Wophunzira ntchito mpatseni Can view, chifukwa wa Can edit akachotsa mtundu, wauchotsera aliyense. Intaneti ikatha laibulale imagwirabe, popeza kope lake limakhala pa kompyuta. Chovuta n'chakuti magetsi akazima kapena bandulo ikatha pa kompyuta imodzi, zimene mnzanu wasintha kwina sizifika, ndipo inu mupitiriza ndi mtundu wakale osadziwa mpaka zitalumikizananso.

Chimene chadya nyenyezi ziwiri ndi ichi. Logo mukaikoka kuchokera mu laibulale imakhala yolumikizidwa: mukaikonza komweko, mafayilo onse amene ali nayo amakuuzani pa Links kuti yasintha. Mtundu sutero. Mukaudina, pulogalamu imangokopera manambala ake n'kuwaika m'fayilo yanu, ubale watha pamenepo. Mawa kasitomala akati kufiira kwake kudereko pang'ono, inu n'kukonza mu laibulale, bulosha ya dzulo ikhalabe ndi kufiira kwakale. Mukaitsegula n'kupaka mutu umodzi ndi mtundu watsopanowo, fayilo imodzi yakhala ndi kufiira kuwiri koyandikana kwambiri moti pa sikirini diso silisiyanitsa. Papepala limasiyanitsa. Anthu ambiri amaganiza kuti poti zili "pamtambo" ndiye zimadzikonza zokha, ndipo kuganiza kumeneko ndi kumene kumabwezetsa ntchito.

Palinso kabokosi kochonga kamene kamakhala m'munsi popanga swatch yatsopano, kofunsa ngati mtunduwo upite ku laibulale. Kayang'aneni nthawi zonse. Kakakhala kochonga, mtundu uliwonse woyesera umakalowa mu laibulale imene inali yotsegula, mwina ya kasitomala wina, ndipo pakatha mwezi muli zinyalala zopanda mayina.

Chimene chimagwiradi mitundu m'kati mwa fayilo ndi global swatch, ndipo apa pakufunika kufatsa. Mu Illustrator swatch wamba ndi utoto wongopaka: mwapaka zinthu 40, mwasintha swatch, zinthu 40 zija zili momwemo. Mukachonga Global mu Swatch Options, kabokosi ka mtunduwo kamakhala ndi kangodya koyera pansi kumanja, ndipo chilichonse chopakidwa nako chimasintha pamodzi. Ma tint, mtundu womwewo wochepetsedwa mphamvu, nawonso amatsatira, ndiye 30 peresenti ya buluu wa kasitomala imakhalabe 30 peresenti ya buluu watsopano. Ngati ntchito inakonzedwa kale mosalongosoka, sankhani zonse, dinani New Color Group, sankhani Selected Artwork ndi kuchonga Convert Process to Global. Mu InDesign swatch iliyonse imagwira motero kale; vuto la kumeneko ndi mitundu imene munthu anasakaniza pa Color panel osaisunga, ndipo Add Unnamed Colors imaivumbula yonse. Musadabwe mukapeza 25 m'fayilo ya mitundu itatu. Photoshop ilibe zimenezi n'komwe. Swatch yake ndi chikumbutso chabe, sichilumikizana ndi chimene mwapaka.

Mayina. InDesign imakonda kutcha mtundu ndi manambala ake, monga C=85 M=10 Y=100 K=10. Chotsani chongi pa Name with Color Value n'kulemba dzina lonena zinthu zitatu: mwini wake, mtundu wake, ndi komwe ukupita. "AB biriwira pepala", "AB biriwira vinilo", "AB biriwira sikirini". Ambiri m'tauni muno timangoti "kala", koma polemba dzina la foda musachulukitse mawuwo, mnzanu angayese mwayamba kugulitsa makala.

Dzina ndi limenenso limaweruza pamene mafayilo awiri akumana. Mukakopera chinthu kupita m'fayilo ina ya Illustrator yokhala ndi global swatch ya dzina lomwelo koma manambala osiyana, pamabwera funso la Swatch Conflict. Merge Swatches imapatsa chobweracho mtundu wa m'fayilo imene chafikiramo. Add Swatches imasunga yonse iwiri. Ambiri amangodina OK osawerenga. InDesign imangoonjezera nambala kumapeto kwa dzina, ndiye mukaona "AB biriwira pepala 2" dziwani kuti pali wolakwika mwa awiriwo. Chotsani wolakwikayo, ndipo ikakufunsani cholowa m'malo sankhani Defined Swatch n'kuloza wolondola. Mu Illustrator mulinso Merge Swatches pa menyu ya Swatches, koma kumbukirani kuti swatch imene mwayamba kudina ndiyo imatsala.

Tsopano ASE. Fayilo imeneyi inabwera ndi CS2 mu 2005, ndipo ilibe chokopa maso chilichonse, koma ndi imene timaidalira. Kapangidwe kake ndi aka: mu Illustrator tsegulani fayilo yokhala ndi mitundu yovomerezeka, dinani Select All Unused n'kuchotsa zotsalira, ikani mitundu m'gulu limodzi la dzina la kasitomala, kenako Save Swatch Library as ASE. Mu InDesign ndi Save Swatches, ndipo pobweretsa ndi Load Swatches. Mu Illustrator mumabweretsa kudzera pa Open Swatch Library ndi Other Library. Mukafuna kuti izitseguka yokha tsiku lililonse chongani Persistent pa menyu yake. Imalemera makilobaiti ochepa chabe, imapita pa WhatsApp ngati dokyumenti ngakhale netiweki ili yofooka, ndipo imakhala m'foda ya kasitomala pambali pa logo yake. Lembani deti pa dzina lake. Mtundu ukasintha pangani ina, yakaleyo musaifufute, chifukwa tsiku lina adzafuna kusindikizanso ntchito ya chaka chatha monga inalili.

Ili ndi malire ake, tisanamizane. Imanyamula mitundu yolimba yokha, ya process (yosakaniza inki za CMYK) ndi ya spot (ya inki yakeyake), pamodzi ndi mayina ndi magulu. Ma gradient, ma pattern, ma tint ndi mixed ink za InDesign zimatsala. Ngati kasitomala ali ndi gradient pa logo, sungani ina ngati Save Swatch Library as AI, kapena pangani template, ya AIT kapena INDT, yokhala ndi zonse m'kati. Chinanso chimene ambiri sadziwa: mukabweretsa ma swatch mu InDesign popanda fayilo iliyonse yotsegula, amakhala m'fayilo yatsopano iliyonse. N'zabwino kwa wogwira pa kampani imodzi, koma kwa wa makasitomala 30 ndi chisokonezo. Pa mabuku ndi malipoti a pachaka ogawidwa m'machaputala, gwiritsani Book ya mu InDesign, sankhani chaputala chimodzi ngati gwero, chongani Swatches mu Synchronize Options. Pamenepo mpamene mitundu imatsatiradi m'mafayilo ambiri nthawi imodzi, chinthu chimene Libraries sichita.

Kaya mwatenga mu laibulale kapena mu ASE, pali msampha umodzi wofanana. Fayilo ya Illustrator imakhala ya CMYK kapena ya RGB, osati zonse ziwiri. Swatch ya CMYK ikalowa m'fayilo ya RGB imatembenuzidwa, ndipo mukadzabwerera ku CMYK manambala sabwerera pomwe anali. Chakuda cha K=100 chimasanduka chosakaniza inki zonse zinayi, ndiye zilembo zazing'ono za 8 pt zimatuluka ndi mthunzi makina akaphonya pang'ono. Sungani zakuda ziwiri: K=100 pa zilembo, ndi chakuda chonona monga C=60 M=40 Y=40 K=100 pa malo aakulu, chimene inki yake yonse ndi 240 peresenti. Swatch yotchedwa Registration musaikhudze. Imaoneka yakuda bwino, koma ndi 400 peresenti, pepala limanyowa n'kudetsa linzake. Onaninso kuti Color Settings ndi imodzi m'mapulogalamu onse, zimene pulogalamu ya Adobe Bridge imachita kamodzi. Kompyuta ina ikakhala pa profile (muyezo wotembenuzira mitundu) ya U.S. Web Coated SWOP v2 ina pa Coated FOGRA39, mtundu umodzi wa RGB upereka manambala awiri osiyana a CMYK. Funsani osindikiza anu kuti amagwiritsa iti.

Olenji wa pa mbendera yathu ndiye chitsanzo chabwino, poti chaka chilichonse 24 Okutobala, tsiku la ufulu wa Zambia, ikamayandikira aliyense amamufuna. Pa sikirini amawala ngati moto. Mu CMYK amazilala chifukwa ndi magenta ndi chikasu basi. Kusiyana kwa M=50 Y=100 ndi M=60 Y=100 kumaoneka kochepa pa kompyuta koma pa chinsalu cha mamita atatu wina amapendekera ku chikasu, wina ku kufiira. Musasankhe ndi maso pa sikirini. Sindikizani timabokosi tisanu totsatizana pa chinthu chenichenicho, kaya vinilo, pepala losalala kapena tisheti, kasitomala aloze ndi chala n'kusayina, ndipo manambala amenewo ndiwo alowe mu swatch. N'chifukwa chake dzina lizinena komwe mtundu ukupita.

Za Pantone, mitundu ya inki yotchulidwa ndi manambala, n'zodziwika. Kuyambira kumapeto kwa 2022 mabuku ambiri a Pantone, kuphatikizapo Solid Coated ndi Solid Uncoated, anachotsedwa m'mapulogalamu a Adobe, ndipo wowafuna onse amalipira Pantone Connect payokha, pamwamba pa ndalama ya mwezi ndi mwezi imene ife timailipira kwacha itasinthidwa kale kupita ku ndalama yakunja. Mtundu wa spot umene uli kale m'fayilo yakale ya Illustrator kapena InDesign umagwirabe, ndiye ngati kasitomala ali ndi Pantone iwiri kapena itatu, itulutseni mu ASE lero n'kuisunga. Samalani ndi mayina ake: PANTONE 485 C ndi PANTONE 485 U kwa makina ndi inki ziwiri, ndipo pa makina a offset iliyonse imatulutsa mbale yosindikizira yakeyake yolipira padera. Musanatumize, tsegulani Separations Preview n'kuwerenga mbale. Zikaposa zimene munagwirizana, Ink Manager ya mu InDesign ili ndi Ink Alias yolumikiza ziwirizo, kapena All Spots to Process ngati ntchito ndi ya inki zinayi basi.

Chotsala ndi chimene Adobe sangakuthandizeni nacho. Mashopu ambiri osindikiza m'tauni, kuyambira cha ku Cairo Road mpaka Kamwala, amagwira ndi CorelDRAW, ndipo kuwaitanira ku laibulale yanu n'kutaya nthawi chifukwa alibe akaunti yake. ASE imatseguka mu pulogalamu ya Affinity, pamene mafayilo a mitundu a GPL a mapulogalamu a Inkscape ndi GIMP amasunga RGB yokha, ndiye kumeneko CMYK yanu sifika. Njira imene imadutsa ponseponse ndi tsamba limodzi la A4: mtundu uliwonse kabokosi ka masentimita atatu, pansi pake dzina, manambala a CMYK, RGB ndi hex, Pantone ngati ilipo, dzina la profile ndi deti. Litumizeni ngati PDF pamodzi ndi ntchito, ndipo kope losindikiza lokhala ndi siginecha ya kasitomala lisungeni mu envulopu m'kabati, kutali ndi windo, chifukwa dzuwa la mu Okutobala limachotsa magenta msanga.