Micro:bit ndi mabatani ake awiri: mmene ndakaonera

Makolo anzanga a kuno ku Joni, makamaka inu a ku Rosettenville ndi Turffontein, mwakhala mukundifunsa ngati micro:bit ndi chinthu choyenera kuwonongerapo ndalama. Ndikuti inde, bola pakhale wamkulu wokhala pansi ndi mwanayo masiku oyamba.

Ndi kakompyuta kophunzitsira ana kupanga mapulogalamu, kabolodi kokwana m'dzanja, masentimita 5 m'litali ndi 4 m'lifupi. Anakayambitsa ndi a BBC ku Britain ndipo ana asukulu kumeneko anayamba kukalandira mu 2016. Ine ndinagula V2, mtundu wa mu 2020 wokhala ndi sipika ndi maikolofoni. Kutsogolo kuli timagetsi tofiira 25 ndi mabatani awiri, A ndi B. Pulogalamu mumalembera pa MakeCode ya Microsoft, yaulere pa intaneti. Mwana salemba mawu ambiri, amangokoka timabuloko n'kumatilumikiza.

Chimene chandisangalatsa kwambiri ndi mabataniwo. Mwana wanga wamkazi wa giredi 5 ankafuna chowerengera zigoli akamasewera jingo ndi anzake pabwalo la fulati. Anaika lamulo lake m'buloko ya "forever", yomwe imabwereza lamulo mosalekeza, kuti batani A likakhala lodinidwa, nambala ikwere ndi 1. Atadina kamodzi kokha nambala inathamanga kupitirira 5. Anakwiya, amvekere, "Adadi, kawonongeka aka!" Ndinamuuza kuti adinenso, koma asachotse chala msanga. Nambala inangokwerakwera. Anakhala chete, kenako anazindikira yekha kuti kabolodiko kamafunsa mobwerezabwereza, kambirimbiri pa sekondi, ngati batani ladinidwa, ndipo chala cha munthu n'chochedwa kwambiri. Titasinthira ku buloko ya "on button A pressed", kudina kulikonse kunawerengedwa kamodzi. Batani B analipatsa timu inayo, A ndi B pamodzi n'kubwezera zonse pa 0. Phunziro limenelija ine sindikanatha kumufotokozera ndi pakamwa, anachita kulimva ndi chala chake.

Magetsi akazima kabolodiko kamagwirabe ntchito ndi mabatire awiri a AAA, ndipo pulogalamu siifufutika. Kwa ife a kuno zimenezi n'zofunika.

Chenjezo ndi pa chingwe cha USB. Zingwe zina zotchipa za m'misewu ya m'tauni n'zongotchajira foni, sizidutsitsa pulogalamu, moti kompyuta siikaona n'komwe kabolodiko. Funsani chingwe cha data. Komanso mawu a pa mabuloko amene tikugwiritsa ntchito ndi a Chingerezi, choncho mwana amene wangofika kumene kuchokera kumudzi adzafuna womumasulira poyamba, ngakhale mitundu ya mabuloko imamuthandiza kugwira msanga.

Ngati ndalama yavuta mwezi uno, yambani ndi kabolodi koyerekezera kamene kali pa MakeCode pomwepo. Mabatani ake amadinika ndi mausi. Koma sikafanana ndi kogwira m'manja. Ife tinasonkherana mabanja awiri a kutchalitchi n'kugula tiwiri, poti timatha kutumizirana uthenga pa wailesi yake. Loweruka likubwerali ana akufuna kuti wina akadina A kuchipinda, kabolodi ka mnzake kalire kukhitchini.