DT 125 yanga: imamwa ngati chidakwa koma pamchenga palibe yoifika

Anyamata a kabaza pa Kamuzu Road akandiona ndikuponda kiki amangoseka, ati madala bwanji osangogulitsa chiphaphachi mugule Boxer ngati anzanu, ndiye ndati ndilembe kamodzi basi aliyense aziwerenga yekha. Yanga ndi Yamaha DT 125, ndinagula pa okushoni ya bungwe lina itayenda kale mokwanira ndi alangizi, pano ndili nayo chaka chachinayi ndipo ntchito yanga ndi yozungulira m'midzi kugula mpunga ku Lifuwu, nthawi zina Chipoka, nthawi zina mpaka Khombedza uko.

Choyamba n'choti njingayi ndi ya two-stroke, injini yake 123cc, yozizira ndi mphepo basi. Mulibe mavavu a pamwamba aja, mulibe timing chain, pisitoni yokha ikamakwera n'kutsika ndi imene imatsegula ndi kutseka timabowo ta m'silinda, ndipo imaphulitsa moto ulendo uliwonse ikafika pamwamba pomwe za kabazazi zimaphulitsa kamodzi pa maulendo awiri. Nchifukwa chake kainjini kakang'onong'ono koma ukakoka moto kamadzuka ngati kalumidwa ndi mavu. Pansi pansi ndi yaulesi, shuwa, ukaiyendetsa mwaulemu ngati ukupita ku chinkhoswe imangolira ngati ikudwala, imafuna uziikalipira ndi magiya ake 6 aja.

Pamene imandisangalatsa ndi pamchenga. Amene mumadziwa njira zotsikira kunyanja mbali ya Senga Bay mwezi wa October mukudziwa zomwe ndikunena, mchenga wotentha woti njinga yolemera imangomira kutsogolo iwe n'kuyamba kupalasa ndi miyendo ngati bakha. DT tayala lakutsogolo ndi lalikulu, mainchesi 21, lakumbuyo 18, ndiye ukakhala chakumbuyo pang'ono n'kusiya moto uli wokoka imangoyandama pamwamba, osagwira buleki yakutsogolo olo pang'ono. Shokapu yakumbuyo ndi imodzi yokha, amati Monocross, yobisika pansi pa mpando ndi thanki, mabampu imameza bwinobwino msana osamva. Ekizozi inadutsa m'mwamba ndiye m'dzinja madambo akadzadza ndimawoloka malo oti anzanga amatsika n'kumakankha. Kupepuka kwake ndiye musanene, tsiku lina mtsinje utasefukira tinainyamula anthu atatu n'kuigoneka m'bwato, wopalasa anangoti muwonjezere ya katundu basi.

Tsopano nkhani ya oyilo, apa mumvetsere chifukwa ndi pamene ambiri amaphera njingazi. Injini ya two-stroke imawotcha oyilo pamodzi ndi petulo, utsi wabuluu uja si matenda ayi ndi chibadwa chake. DT ili ndi kathanki kakekake ka oyilo ameneyu, amati 2T, ndi kapampu kotchedwa Autolube, a Yamaha anayamba kuika kapampu kotereka pa njinga zawo mu 1964, kamagwirizana ndi waya wa moto ndiye ukakoka kwambiri nakonso kamathira oyilo wambiri. Amakanika ena amakonda kukachotsa ati uzingosakaniza wekha m'thanki, ine ndinakana, chifukwa ukathira petulo wa m'chigubu pamsewu usiku ndani amakhala ndi nthawi yoyeza oyilo. Koma kathankiko uzikasuzumira. Ine ndinaphunzira ndi misozi, ndinabwereketsa njinga kwa mlamu wanga sabata yathunthu osamuuza za 2T, iye kumangothira petulo, kenako anandiimbira ali pa M5 kuti alamu njinga yangouma yokha tayala lakumbuyo kukhukhuluza pa tara. Pisitoni inali itagwira. Mlandu unali wanga ndemwe. Ubwino wake makanika anamasula mutu ndi silinda pansi pa mtengo wa mango, tinakaboola silinda ku Lilongwe, pisitoni ndi maring'i atsopano, yabwerera pamsewu. Oyilo wa giyabokosi ndi wina, ameneyo sapsa, osasokoneza.

Petulo ndiye imamwa, tisanamizane. Two-stroke iliyonse imataya kamafuta kena kosapsa ku ekizozi, ndiye pomwe wa Boxer akuzungulira tsiku lonse ine ndimakhala ndayamba kale kugwedeza thanki kumvetsera, thanki yakenso sifika malita 10. Nthawi ya mizere ya mafuta ija ndinkaiimika masiku ena n'kutenga yakapalasa. Kuwonjezera apo 2T naye ndi ndalama. Ndiye amene mukufuna ya kabaza iwalani, mudzagwirira ntchito filling station, komanso mpando wake ndi wautali, wowonda, amayi ovala chitenje kukwera kumbuyo ndi nkhondo. Thumba la mpunga limodzi pa kaliyala imanyamula, awiri kutsogolo kumayamba kupepuka.

Mabuleki ndi a dramu konsekonse, akanyowa amachita ulesi, ndipo two-stroke ukasiya moto injini sikugwira kwenikweni, potsika mapiri a ku Mvera kuchokera ku Lilongwe umadalira phazi ndi dzanja basi. Nyali yakenso imawala molingana ndi moto, ukachepetsa imakhala ngati koloboyi, usiku mbuzi umaiona utaifika kale.

Pulagi yapadera ndi sipanala yake sizichoka m'thumba mwanga, ikayamba kudukiza nthawi zambiri ndi pulagi yada ndi mwaye, mphindi zisanu wasintha. Siponji ya air cleaner ndimachapa pafupipafupi n'kuipaka kaoyilo chifukwa fumbi la kuno likalowa limadya maring'i ngati msasa, ndipo pakapita nthawi ekizozi imafuna kuichotsa mwaye apo ayi mphamvu zimathawa.

Mukafuna kugula yakale pitani m'mamawa injini isanalizidwe, muigwire kaye ngati ili yozizira, muponde kiki nokha mumve ngati ikukankha phazi, ikangotsika fwaa ngati mwaponda phala ndiye kuti maring'i atha, mtengo utsike pomwepo. Muonenso ngati kapampu kaja kalipo. Yanga ikazizira imalira pa kiki yachiwiri, ndipo galu wa aneba mpaka lero sanaizolowere.