Desmos pokonzekera mafunso a inequality a mayeso a GMAT

Amene akukonzekera mayeso a GMAT, omwe sukulu zambiri zophunzitsa za bizinesi zimafuna kwa munthu wofuna digiri ya MBA, sangathawe mafunso a inequality, oyerekezera kuti chachikulu ndi chiti, okhala ndi absolute value (kukula kwa nambala posaganizira chizindikiro cha −) kapena exponent (kanambala ka pamwamba monga 2 wa mu x²). Ambiri malamulo amawadziwa, koma amagwa chifukwa poyesa yankho amangotenga nambala monga 2 ndi 3. Pa vuto limeneli ndikuiyamikira ndi mtima wonse calculator yojambula ma graph ya Desmos. Ndi yaulere, imatseguka pa intaneti popanda kulembetsa, ndipo pulogalamu yake ya pafoni imagwira ntchito ngakhale bandulo itatha.

Taganizani za funso lakuti kodi x² imaposa |x|, absolute value ya x, nthawi zonse. Woyesa ndi 2 amapeza 4 ndipo amavomera msanga. Koma mukalemba y = x² ndi y = |x| mu Desmos, mizere iwiriyo imakumana pa −1, pa 0 ndi pa 1, ndipo pakati pa −1 ndi 1, kupatula pa ziro penipeni, mzere wa x² umakhala pansi, popeza theka mukalichulukitsa ndi theka limachepa n'kukhala kota. Chimene chimandisangalatsa koposa ndi kabatani kosuntha kamene kamabwera mukalemba y = xⁿ. Mukasuntha n kuchoka pa 2 kupita pa 3, mbali ya kumanzere ya mzerewo imatembenuka n'kugwera pansi pa ziro, ndipo pamenepo munthu amaona ndi maso ake chifukwa chake x³ imachepera x² pa nambala iliyonse yochepera 1, kupatula ziro. Mukalemba |x − 3| < 5, chidachi chimapaka mtundu malo onse kuyambira pa −2 mpaka pa 8, malire ake ali mizere yodukaduka posonyeza kuti nambala ziwirizo sizili m'yankho. Apa absolute value imaoneka monga mmene ilili, kutalika kwa mtunda kuchokera pa 3.

Chidachi chili ndi malire ake. Sichifotokoza chifukwa, chimangojambula, ndipo nambala imodzi yokha yochotsedwa m'yankho, monga ziro uja, imabisala mosavuta kwa woyang'ana mothamanga, pomwe mafunso a GMAT a Data Sufficiency, ofunsa ngati mfundo zoperekedwa zikukwanira kuyankha funso, amakonda kutchera msampha pomwepo. Chachikulu n'chakuti gawo la masamu la GMAT, lotchedwa Quantitative Reasoning, lomwe lili ndi mafunso 21 m'mphindi 45, sililola calculator iliyonse. Olemba mayeso a SAT, omwe ndi olowera ku yunivesite makamaka ku America, ali ndi mwayi wina, chifukwa Desmos ili m'kati mwa pulogalamu yolembera mayesowo.

Choncho wa GMAT ayambe wathetsa funso papepala, akuyesa nambala yochepera −1, ya pakati pa −1 ndi 0, ziro, theka ndi nambala yoposa 1, kenako atsegule Desmos kuti atsimikize yankho lake.